Cholakwika Chimene Anthu Achizolowera

Kodi chinthu chimakhala cholondola chifukwa choti chinalembedwa m'malamulo, kapena chifukwa choti anthu akhala akuchidalira? Funsoli ndi lakale pakati pa oweruza milandu, koma limavutitsanso akatswiri okonza Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991. Yankho la Torvalds ndi losapsatira. Munthu akasintha kanthu m'kati mwa kernel, mtima wa Linux, pulogalamu imene inkayenda bwino dzulo n'kukanika lero, wolakwa ndi wosinthayo, ngakhale pulogalamuyo ikhale yolembedwa mosasamala. Zimene wasinthazo zimabwezedwa kapena kukonzedwanso.

Nkhani ya ext4 imaonetsa kulemera kwa lamuloli. Ext4 ndi dongosolo losungira mafayilo pa disiki, ndipo linalengezedwa kuti lakhwima mu Linux 2.6.28, mu Disembala 2008. Pofuna liwiro, linkachedwa dala kutsitsira pa disiki zimene pulogalamu yalemba. Koma mapulogalamu ambiri, a KDE ndi GNOME omwe, posunga makonzedwe a munthu ankalemba fayilo yatsopano n'kuipatsa dzina la yakale, kapena ankafufuta zam'kati mwa yakaleyo n'kulembamo zina. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi pakati pa ntchitoyi, fayilo inkapezeka ilipo koma yopanda kanthu. Anthu amene ankayesa Ubuntu 9.04, mtundu wina wa Linux, kumayambiriro kwa 2009 anataya makonzedwe awo motere.

Theodore Ts'o, woyang'anira ext4, anali ndi mfundo yovuta kuitsutsa. Muyezo wa POSIX sulonjeza kuti zolembedwa zafika pa disiki pokhapokha pulogalamu italamula zimenezo kudzera mu fsync, ndipo olemba mapulogalamuwo sankatero. Chimene chinkawateteza kwa zaka zambiri ndi ext3, imene inalipo ext4 isanabwere, ndipo inkatsitsa zam'kati mwa fayilo isanatsimikize dzina lake, pa masekondi 5 aliwonse. Chitetezocho palibe anachilonjeza. Chinangobadwa ndi kapangidwe ka ext3. Ngakhale zinali choncho, ext4 ndiyo inagonja: mu Linux 2.6.30 inaphunzitsidwa kuzindikira kalembedwe kameneka n'kufulumira kutsitsa fayiloyo.

Maganizo amene ali pansi pa chigamulochi ndi akuti lonjezo silibadwa ndi mawu okha. Njira yachidule yodutsa m'munda, mwini wake akaisiya zaka zambiri osaitseka, imasanduka njira ya mudzi, ndipo tsiku loitseka iye ndiye amafunsidwa. Hyrum Wright, amene anagwira ntchito ku Google, anafotokoza zofanana: ogwiritsa ntchito akachuluka, khalidwe lililonse looneka la pulogalamu limapeza wolidalira, kaya linalonjezedwa kaya ayi. Komanso wovutika sakhala wolemba pulogalamu wosasamala uja. Amakhala munthu wamba amene sanamvepo za POSIX, ndipo akapwetekedwa kamodzi amaopa kulandira kernel yatsopano, motero amaphonya ndi zokonza zachitetezo zomwe.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo. Cholakwika chikatetezedwa chimakhalitsa, ndipo obwera m'mbuyo amachisenza. Linux 3.0 itatuluka mu 2011, mapulogalamu ena amene ankayembekezera nambala yoyamba ndi 2.6 anasokonezeka, mpaka kernel inapatsidwa njira yodzitchulira kuti ndi 2.6.40 kwa pulogalamu yofuna zimenezo. Kunena mosabisa, limeneli ndi bodza lovomerezeka, losungidwa kuti mapulogalamu akale asafe.

Lamuloli lili ndi malire ake. Limateteza pamene kernel imakumana ndi mapulogalamu a anthu. Zam'kati mwake akatswiri amazigumula ndi kuzimanganso mmene afunira. Bowo lachitetezo nthawi zina limatsekedwa ngakhale wina adandaule, njira ina ikasowa. Ndipo khalidwe lakale likachotsedwa popanda woona kapena wodandaula, kuchotsako sikuwerengedwa ngati kuswa lamulo. Motero mlandu umayamba pokhapokha papezeka munthu weniweni amene ntchito yake yaima, ndipo iye wanena.