Kodi Wosadziwa Achimwa?

Akuluakulu a mpingo, pokambirana za tchimo, amalekanitsa choipa chimene munthu achichita mwadala ndi chimene achichita mosadziwa, nanena kuti mlandu wa wosadziwayo ndi wopepuka. Ndipo ine sinditsutsa, pakuti chifundo cha Mulungu chiposa nzeru zathu. Koma chilengedwe chimene Mulungu yemweyo anachikhazika sichidziwa chifundo chotere, popeza chiphe chikalowa m'thupi sichifunsa ngati wochimezayo anapita kusukulu kapena ayi. Chifukwa chake zimene anyamata ndi asungwana a kusekondale za ku Namitete, ku Nsaru ndi ku Kabudula amva m'phunziro la Chemistry sizithera pa mayeso a MSCE, koma zifika mpaka ku chikumbumtima.

Titenge mtedza, umene dera lino liudziwa monga lidziwira fodya. Ikafika nyengo yokuswa, mayi amawaza madzi pa makoko kuti afewe ndi kuti zala zisapweteke, nauthira m'thumba usanaumitsitse; ndipo posankha, wonenepa ndi wosalala apita nawo kumsika, koma wofwapa, wosweka ndi wakuda m'kati ausinja kuti ukhale nsinjiro za m'phala la mwana. Mayiyu alibe mtima woipa, ndiye wosamala wosafuna kutaya kanthu. Komabe m'chinyezi muja mumera chuku, chimene chitulutsa chiphe chotchedwa aflatoxin, chosatha ndi kukazinga kapena kuphika, chimene chidya chiwindi pang'onopang'ono mpaka kubala khansa, ndiponso chiganiziridwa kuti chipinimbiritsa ana. Anzeru a ku Ulaya nawonso sanachidziwe kufikira chaka cha 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ndipo akatswiri a ku Chitedze, malo ofufuzira zaulimi amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1948 m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, akhala akulangiza alimi za kaumitsidwe ndi kasankhidwe ka mtedza. Makolo anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma nyerere zioneka ukang'amba mkuyuwo, pamene chiphe ichi chikhoza kubisala ngakhale m'njere yooneka bwino.

Alipo ena, ndipo si opusa ayi, amene aopa kuti kuuza ana mphamvu ya ziphe ndiko kuwapatsa chipatso cha mtengo uja wa m'munda wa Edeni, makamaka m'dziko limene mankhwala a makoswe otchedwa Temik alanda miyoyo ya achinyamata osweka mtima. Mantha awo ndiwamva. Koma botolo lili kale pa alumali m'nyumba, pafupi ndi mchere, ndipo mnyamata anayamba kale kupopera tomato kudimba, wopanda nsapato, mphepo ikumbwezera mankhwala kumaso, natsuka chopoperacho m'chitsime chimene mlongo wake atungamo. Munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo sindiona umo angasungire munda iye wosadziwa chimene athira m'menemo.

Chovuta chenicheni chili kwina. Mwana amene wadziwa sakhalanso monga analili, pakuti tsopano aona chimene bambo wake sachiona, ndipo lamulo lolemekeza atate ndi amayi liima maso ndi maso ndi lamulo loletsa kupha. Akakhala chete poona amayi ake akusinja mtedza wachuku, mlandu umene kwa iwo unali wopepuka ulemera pa iye. Akalankhula mwathamo, monga achitira ena ongolawa Fomu 3, adzauzidwa kuti sukulu yamlowa m'mutu, ndipo mtedzawo udzasinjidwabe. Pamenepa mphunzitsi amene aphunzitsa mayina a ziphe okha wagwira theka la ntchito yake. Theka linalo ndilo kuphunzitsa mwana kugwada, kupempha kuti, "Amayi, bwanji ndikuthandizeni kusankha mtedzawu," ndi kuchotsa yekha njere zoipazo ndi manja ake, kuti choonadi chilowe m'nyumba mwaulemu.

Ndipo ngakhale atatero, pali khomo lina limene phunziro la Chemistry silingathe kulitsegula. M'mwezi wa February, nkhokwe ikapepuka, mayi amene wamva zonse ndi kuzikhulupirira akhoza kuyang'ana mtedza wakudawo ndi mwana wolira njala, nasankha kusinja. Ameneyo sindingamutche wosadziwa, ndiponso ndiopa kumutcha wochimwa. Mlandu wake ndiufunsa kwa wogula amene anatenga mtedza wabwino pa mtengo wolira, ndi kwa ife amene tinaudya m'tauni.