Mfundo Zofunika: Madzi a Mpasa Amachokera m'Minda Yathu

Ambiri a ife a ku Malomo sitinaionepo mpasa ili yamoyo. Timakumana nayo itawambidwa kale, wina atabwera nayo pa msewu wa M18 kuchokera ku Nkhotakota, ndipo tikamva mtengo wake timatembenukira kwa wogulitsa usipa. Komatu tsogolo la nsomba imeneyi lili m'manja mwa ife a khasu, mwina kuposa asodzi. Mpasa imakulira m'nyanja ya Malawi koma siswera momwemo. Ikakhwima imakwera mitsinje, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa, pamodzi ndi North Rukuru, Songwe ndi Linthipe, yodziwika ndi ulendo umenewu. Azungu anaitcha lake salmon poona kukwera kwakeko, ngakhale kuti pa mtundu ndi m'bale wa usipa ndi matemba. Kunja kwa nyanja yathuyi ndi mitsinje yothira m'menemo, mpasa sipezeka kwina kulikonse. Nazi mfundo zoti tisinkhesinkhe tisanayambe kugalauza.

1. Madzi a mu Okutobala ndi mvula ya mu Januwale.

Kwathu kuno mvula imaleka cha mu Epulo, kumwamba n'kungoti mbee mpaka Novembala. Nanga madzi oyenda mu Bua mu Seputembala amachokera kuti? Ndi mvula ya dzinja imene inapeza mpata wolowa pansi. Inamira m'nthaka ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, inagona m'madambo, ndipo imatuluka pang'onopang'ono m'akasupe miyezi yonse ya dzuwa. Phiri lovala mitengo ndi udzu ndi nkhokwe ya madzi. Pa phiri lometedwa, mvula ikagwa masana, pofika madzulo yathamangira kale kumtsinje, yofiira kuti psuu, itakokolola feteleza amene tinagula modula n'kutisiyira zigwembe m'munda. Ingagwe yochuluka bwanji chaka chimenecho, mtsinje uphwabe msanga.

Tonse timadziwa kuti chimanga chokolola mu Meyi sichidyedwa chonse mu Meyi. Mayi wanzeru maso ake amakhala pa Febuluwale. Nzeru yomweyi taiiwala pa madzi. Wokayika akwere ku nkhalango ya pa phiri la Ntchisi nthawi ya chilimwe akaone timitsinje tikuyendabe pansi pa mthunzi, kenaka atsike adzaone makwawa a m'minda mwathu ali mchenga wokhawokha.

2. Chofooka ndicho chimanena zoona za mtsinje.

Mpasa imayamba kukwera nthawi ya mvula, koma kuswa kwake kumapitirira mvula itatha, m'miyezi yozizira mpaka kulowa m'chilimwe. Imafuna madzi osaya, oyera, oyenda pamwamba pa timiyala. Mazira amabisala m'mipata ya timiyalato, ndipo madzi odutsamo ndiwo amawapatsa mpweya. Matope akakwirira timiyala, mazira amafera pomwepo. Madzi akachepa mpaka mtsinje kuduka kukhala maiwe, tiana ta nsomba timatsekeredwa m'madzi otentha, mbalame ndi anthu n'kutitola. Munthu wamkulu amatha kukumba mumchenga kufuna madzi, dzira la nsomba silingathe. Mpasa ikayamba kusowa, tidziwe kuti chitsime chathu chili panjira yomweyo.

3. Mpanda sutchinga matope.

Bua asanafike kunyanja amadutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, yotalika ndi kutambalala pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Kuyambira 2015 bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Anamanga mpanda, analemba alonda, ndipo gawo la mtsinje lomwe lili m'katimo, kumene mpasa imaswera, likutetezedwa kwa opha nsomba mozemba. Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Koma mtsinjewu unayambira kutali ku Mchinji, ndipo pofika pa mpandapo umakhala utadutsa kale minda ya fodya, chimanga, soya ndi mtedza ya maboma angapo, yathu ikumalizira. Mlonda angathe kulanda ukonde, koma sangabweze dothi lochokera m'munda wa ku Malomo, ndipo sangaitane madzi amene ife tawamaliza. Wokhala kumtunda ali ndi ngongole kwa wokhala kumunsi, ngakhale sanaonanepo maso ndi maso.

4. Wanjala sauzidwa kuti asiye dimba, amasonyezedwa njira ina.

Apa ndipo pali povuta, ndipo sindikufuna kupadumpha. Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itawononga mbewu, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Zaka ngati zimenezo dimba ndilo limapulumutsa ana. Tomato, anyezi ndi chimanga chachiwisi zimalipira fizi ndi kugula mankhwala. Munthu wouza mayi wamasiye kuti asathirire ndiwo zake chifukwa cha nsomba imene mayiyo sanailawepo sakudziwa njala.

Komabe tivomereze zomwe maso akuona. Madimba afika mpaka pa gombe penipeni, bango ndi nsenjere zomwe zinkagwira dothi zinazulidwa, ndipo pomwe kale pankatungidwa ndi chitini lero pali mapampu opalasa, a injini ndi a dzuwa. Aliyense amati, "Ine ndikungopopa pang'ono." Mapang'ono makumi asanu pa khwawa limodzi mu Okutobala ndiwo amaumitsa mtsinje.

Ku California, m'dziko la America, anthu okhala kumtunda kwa mtsinje wa Mattole anakumana ndi vuto longa lomweli: nthawi ya dzuwa madzi ankaduka, tiana ta nsomba za salmon n'kumafa m'maiwe. Anagwirizana zoika matanki akuluakulu odzaza nthawi ya mvula, ndipo eni matankiwo analonjeza kuti madzi akachepa kwambiri asiya kupopa mumtsinje. Matanki otere ife sitingawakwanitse tonse, koma maganizo ake si achilendo: tunga pa nthawi ya zambiri, leka pa nthawi ya zochepa. Tingathe kukumba maiwe osungira madzi a mvula pafupi ndi madimba, kuphimbira mabedi ndi mapesi, kuthirira m'mamawa kapena madzulo dzuwa litapepa, ndi kugawana masiku opopa kuti mtsinje usaduke. Izi zimafuna pangano la mudzi wonse, lotsimikizidwa ndi amfumu, chifukwa wosiya yekha anzake akupopa amangoluza.

5. Ntchila inatichenjeza kale.

Afunseni agogo a kunyanja za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja ya Malawi. Nayonso inkakwera mitsinje kukaswa, anthu n'kumaitchera pa khomo la mtsinje ili ndi mazira m'mimba, kwinaku matope akukwirira malo ake oswera. Lero achinyamata ambiri dzina lokha ndilo amalimva. Biyo yotseka mtsinje wonse, neti ya udzudzu yokokera ndi tiana tomwe, katupe wothira m'dziwe kupha chilichonse chopuma: zonsezi ndi kudya mbewu. Akuluakulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi.

6. Kubzala n'kosavuta, kulera ndiye ntchito.

Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limakhala pa nyengo yobzala mitengo, ndipo Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Mbande timalandira, zithunzi timajambulitsa, koma pofika Seputembala mbuzi ndi moto wa osaka mbewa zatha nazo. Chikhalirecho m'minda mwathu muli zitsa za mitengo yachilengedwe zomwe zimaphuka chaka chilichonse, mizu yake ili kale pansi patali. Kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu pa chitsa n'kumazitengulira kumabweza mtengo msanga kuposa mbande ya m'chubu. Tisamalenso chobzala pa kasupe: bulugamu amamwa kwambiri, malo ake ndi kumtunda. M'mbali mwa madzi muyenera mkuyu, katope, mbawa ndi nsungwi.

Nkhaniyi ndikuinena ndi manyazi. Kwathu kunali mkuyu waukulu pamutu pa kasupe, ndipo ife a m'banja mwathu tinaugwetsa pamodzi ndi mitengo yoyandikana nawo kuti tiwotchere njerwa. Nyumba inamangidwa. Patapita zaka zochepa kasupe uja anayamba kuphwa mu Ogasiti, ndipo amayi anga, atakalamba kale, ankalawirira ndi ndowa kukadikira pa mjigo wa mudzi wina. Sindinganene kuti nkhwangwa yathu yokha ndiyo inaumitsa kasupeyo, pakuti phiri lonse linali likumetedwa ndi ofuna mapaso a zigafa ndi makala. Koma nkhwangwa yathu inalipo.

7. Yambani pomwe dontho likugwera.

Mtsinje sukonzedwa mumtsinje mokha. Mizere ya akalozera yopingasa malo otsetsereka, udzu wa vetiva pa mizerepo, mabokosi pakati pa mizere, ngalande zogwira madzi, timipanda ta miyala m'zigwembe, mapesi osiyidwa m'munda osawotcha: chilichonse mwa izi chimachedwetsa dontho kuti lilowe pansi. Woyamba kupindula ndi mwini munda, chifukwa chinyezi chimakhalitsa mvula ikadula. Wachiwiri ndi wotunga pa chitsime. Mpasa imalandira zotsala, ndipo zotsalazo n'zimene ikusowa. Zipatso zake sizioneka chaka chimodzi, n'chifukwa chake ambiri amagwa ulesi panjira.

Amfumu, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ndi inu alangizi a zaulimi: chizimalupsa chisanagwe, itanani anthu anu muyende nawo m'mbali mwa khwawa la m'mudzi mwanu, kuyambira pa kasupe mpaka pomwe lathira mumtsinje waukulu. Mukagwirizane pomwe khasu lizilekezera, mukhomepo zikhomo tsiku lomwelo.