Cikome-kome ca Nkhuyu

Werengani: Mateyu 23:23-28; Luka 19:1-10.

Ambiri a inu muli nao ana amene anacoka kumudzi nakakhala ku Chawama, m'mzinda wa Lusaka. Dzina limeneli litanthauza kuti cakoma. Ndipo mlendo wofikako m'mawa wa tsiku la Sabata adzabvomereza kuti kwakomadi: nyumba za Mulungu nzambiri, amai a Cigwirizano abvala zoyera, nyimbo zimveka ponseponse. Koma makolo athu anati, cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pa 29 December 1991 mtsogoleri wa dziko, Frederick Chiluba, analengeza kuti Zambia ndilo dziko la Cikristu, ndipo mauwo analowa m'malamulo akuru a dziko m'caka ca 1996. M'caka ca 2015 Edgar Lungu, amene kale anaimira anthu a ku Chawama m'Nyumba ya Malamulo, anapatula tsiku la 18 October likhale la kupemphera ndi kusala kudya. Sitinyoza zimenezi ai. Koma boma likhoza kupatsa dziko dzina latsopano. Silikhoza kupatsa munthu mtima watsopano.

Kumbukirani nthenda ya kolera imene inasautsa makomboni a Lusaka m'caka ca 2018 ndiponso ca 2024, kufikira bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Nthendayi ibisala m'madzi a zitsime zosaya zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Madziwo aoneka oyera mbee, koma wakumwa adwala. Kutsuka ndowa kunja sikuthandiza kanthu. Madziwo ayenera kuphitsidwa kapena kuthiridwa mankhwala. Momwemonso Ambuye Yesu anadzudzula Afarisi, pakuti anasamala maonekedwe a kunja ndi zopereka zazing'ono, nataya cilungamo ndi cifundo.

Tadziyesani tsono. Alipo mkuru wa mpingo amene apemphera mokoma pa Sabata, koma Lolemba akongoza ndalama za kaloba, nalanda mbaula ndi mabulangete a mmphawi wolephera kubweza. Alipo abale amene aimba nyimbo pamaliro usiku wonse, ndipo kutaca agawana katundu wa womwalirayo, nasiya mkazi wamasiye ndi ana pa mphasa yokha. Boma linaika lamulo loletsa zotere m'caka ca 1989. Kodi si manyazi kuti Akristu adikire lamulo la boma pa cinthu cimene Mulungu anaciletsa kale lomwe?

Koma musati, Izi nza m'tauni. Kwathu komwe kuno alipo wosendeza malire a munda wa mnzace, napita ku Mgonero wa Ambuye mutu uli m'mwamba. Alipo wonyamula Buku Lopatulika usana, nafuna mankhwala opwetekera mbale wace usiku. Cinyengo sicisowa mzinda. Cimera paliponse pali mtima woopa maso a anthu koposa maso a Mulungu.

Ena pakuona izi aleka kupemphera, nati, Mumpingo muli onyenga okhaokha. Mbale wanga, wodwala sathawa cipatala cifukwa ca odwala anzace. Ndipo wakuloza cala kwa mnzace, osayang'ana m'mtima mwace, wayamba kale kufanana ndi Mfarisi.

Nanga ticitenji? Taonani Zakeyu wa ku Yeriko, mkuru wa amisonkho. Yesu atalowa m'nyumba mwace, munthuyo sanagule cobvala catsopano. Analonjeza kupatsa osauka theka la cuma cace, ndi kubwezera kanai ali yense amene anamnyenga. Kutembenuka mtima kwace kunaoneka m'thumba mwace. Sanagule cipulumutso ndi ndalamazo ai. Cipulumutso cinayamba kulowa, ndipo cipatso cinatsata pambuyo.

Cifukwa cace, musanayandikire gome la Ambuye caka cino, bwezani cimene munalanda, lipirani wanchito wanu, pitani kwa amene munamnenera bodza. Ndipo polembera mwana wanu ku Chawama, musamfunse za ndalama zokha. Mumfunsenso za moyo wace pamaso pa Mulungu.

Pemphero: Atate wathu, Inu muona zobisika. Mutitsuke m'kati ndi mwazi wa Mwana wanu, kuti cimene tili pa Sabata tikhale comweco masiku onse. Amen.