Mlonda wosaodzera

Masiku ano kuli makina olondera: tizipangizo tonunkhiza utsi, makamera oona kutentha kwa thupi mumdima, ndi maloboti oyenda okha, zonse zotumiza uthenga ku kompyuta imodzi. Zina mwa izi zidafika kale kwathu kuno. Bungwe la African Parks lidayamba kusamalira nkhalango ya Liwonde mu 2015, kenaka ya Mangochi mu 2018, ndipo njovu zina kumeneko zimavala makolala oulula pomwe zili.

Funso langa ndi ili: kodi mlonda wabwino ndi amene amaona zonse?

Ine makinawa sindiwanyoza ayi. Saodzera, salandira chiphuphu, samwa kachasu. Mwera ukamawomba, moto sutenga nthawi kunyambita madenga audzu a m'mbali mwa nyanja. Chipangizo chokuwa msanga chipulumutsa ana. Pa za moto palibe mtsutso, pakuti moto ulibe mlandu woti tiumve.

Koma munthu ali nawo. Kamera imaona kutentha basi, ndipo mayi wotola nkhuni ndi wopha njovu amatentha chimodzimodzi. Ku Chembe anthu adalipo kale Lake Malawi National Park isadakhazikitsidwe mu 1980. Nanga msodzi wa usipa akadutsa ndi nyali yake pagombe lomwe agogo ake ankayanikapo makoka, lero lili kuseri kwa mpanda wa hotela, wolowerera ndani pamenepa? Makina safunsa zimenezo. Amangoteteza malire omwe wowagula walemba. Ku San Francisco mu 2017, bungwe lina lidayendetsa loboti kunja kwa ofesi yake kuti osowa pokhala asagonepo, mpaka akuluakulu a mzindawo adaliletsa kuyenda m'njira ya anthu onse.

Mlonda wachibonga ndi tochi ali ndi zofooka zake, komabe amatha kunena kuti, "Pitani mayi, koma mawa musadzerenso kuno." Akalakwa timamutengera kwa mfumu kapena kukhoti. Loboti mukaisumire kuti?

Tsono ine ndikuti makina akhale maso ndi mphuno, azikuwa akaona kanthu. Kugamula kutsale m'manja mwa munthu wokhala ndi dzina, woti angathe kuyankha mlandu. Ndipo tisadagule kamera ngakhale imodzi, tiyambe takhala pansi ndi eni mudzi, tigwirizane pomwe malire adutsa.