Kodi Mlenje Wophonya Ali ndi Mlandu?

Mlenje akalasa mnzake pa uzimba, mawu oyamba kutuluka pakamwa pake ndi akuti, "Sindinachitire dala." Kawirikawiri amanena zoona. Koma funso lathu lero nali: kodi mawu amenewa atha kumusambitsa m'manja?

Pa 11 February 2006, Dick Cheney, amene pa nthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la America, anapita kukasaka zinziri ku Texas. Mbalame itauluka, iye anatembenuka nayo pamodzi ndi mfuti, naomba. Kutsogoloko kunali mnzake, Harry Whittington, nkhalamba ya zaka 78, ndipo tizitsulo ta m'chipolopolo tinam'lowa kumaso, m'khosi ndi pachifuwa. Mwamwayi sanafe. Panalibe chidani, panali diso limene linaona zinziri yokha, osaona munthu.

Tomasi Woyera wa ku Aquino anaphunzitsa kuti ngozi yeniyeni si tchimo, pakuti tchimo limachokera m'kufuna kwa munthu. Koma anaonjeza kuti munthu amene wagwira ntchito, ngakhale yololedwa, popanda chisamaliro choyenera, wina n'kufa, sathawa mlandu wa imfayo. Tsono mlandu wa mlenje suyamba pamene mfuti yalira. Umayamba kumudzi, tsiku limene ananyalanyaza kuphunzira.

Taganizaninso za nyama imene. Mu July 2015, pafupi ndi nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe, mlenje wina wa ku America analasa ndi muvi mkango wotchuka dzina lake Cecil. Mkangowo sunafe pomwepo. Unakhala ndi bala maola ambiri asanaumalize. Mpingo suletsa kupha nyama kuti anthu adye, koma Katekisimu wa mu 1992 amaphunzitsa kuti kuzunza nyama popanda chifukwa kumachotsa ulemu wa munthu wozunzayo. Chipolopolo cholowa kumbuyo kwa phewa chimapeza mtima ndi mapapo, ndipo nyama imafa msanga. Cholowa m'mimba chimaisiya ikuvutika m'thengo, mwina kufikira mawa. Ikakhala njati, imabisala m'tchire ili yolusa, ndipo wokumana nayo angakhale mayi wotola nkhuni amene sanaiputeko.

Chifukwa chake kuphunzira kulasa chandamale si masewera ayi, ndi udindo. Mlenje ayese mfuti yake kawirikawiri pamalo pamene pali chulu kumbuyo, mpaka adziwe mtunda umene dzanja lake siliphonya. Nyama ikaima kupitirira mtundawo, aileke ipite. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina adzati, "Bambo, mukulankhula ngati munthu wokhuta. Ana anga agona masiku atatu osalawa ndiwo." Njala sitiipeputsa. Koma nyama yothawa ndi bala sidyetsa ana, ndipo chipolopolo chatayika. Kudekha ndiko kumadzaza mphika. Komanso njala ya banja limodzi silingane ndi maliro a banja lina.

Inu aphunzitsi a m'midzi, pofotokoza lamulo lachisanu muziwauza anthu izi. Mfuti iliyonse muiyese yodzaza, ngakhale mwini wake atalumbira. Kukamwa kwake kusaloze munthu, ngakhale mwanthabwala. Chala chisakhudze chowombera kufikira mutaona nyama yonse bwinobwino. Udzu wogwedezeka si gwape. Dzifunseni chimene chili kuseri kwa nyamayo, pakuti ngakhale kachipolopolo kakang'ono katha kuuluka kupitirira kilomita imodzi. Powoloka mtsinje ndi polowa m'mudzi chotsani zipolopolo. Womwa mowa asagwire mfuti. Ndipo mukavulaza nyama, itsateni mosamala kufikira mutaimaliza.

Tiyankhe tsopano funso lathu. Amene anaphunzira, nayang'anitsitsa, nadekha, ngozi n'kumugwerabe, ameneyo timutonthoze, alibe tchimo. Koma amene anaomba mongoganizira asadzinamize ndi mawu akuti sanachitire dala, pakuti kuomba asanaone anachita kusankha yekha. Apite akapepese kwa wovulalayo, alipire zimene angathe, ndipo akalape.