Nehemiya, Munthu Wotsiriza Nchito Yace

Ambiri a ife tiyamba bwino m'njira ya Mulungu, koma titayenda pang'ono tiima. Tiyamba kupemphera madzulo pamodzi ndi ana athu, ndipo atapita masabata awiri taleka. Tiumba njerwa za nyumba ya Mulungu, ndipo mvula izipeza pabwalo zosaocha. Cifukwa cace mwezi uno tilingalire za Nehemiya, amene anatsiriza cimene anaciyamba.

Nehemiya anali Myuda wokhala ku Susani, m'dziko la Perisiya, ndipo nchito yace inali kupereka cikho kwa mfumu Aritasasta. M'caka ca 20 ca mfumuyo, ndico ngati caka ca 445 Kristu asanabadwe, mbale wace Hanani anadza kucokera ku Yuda namuuza kuti linga la Yerusalemu liri logumuka, ndi zipata zace zinapsa ndi moto. Zinali zitapita zaka zoposa 140 cipasulire Ababulo mudziwo.

Coyamba tione pemphero lace. Atamva mbiriyo sanathamangira kwa mfumu, koma analira, nasala cakudya, napemphera. Anaulula zoipa za mtundu wace, osadzipatula yekha ngati wolungama, nakumbutsa Mulungu lonjezano limene anapatsa Mose, lakuti adzasonkhanitsa obalalika akabwerera kwa Iye. Mbiri inamfika mwezi wa Kisilevi, ndipo analankhula ndi mfumu mwezi wa Nisani. Pakati pace pali miyezi ngati inai ya kudikira. Tsiku limene mfumu inaona nkhope yace yacisoni nimfunsa cimene afuna, Nehemiya anaopa kwambiri, napemphera m'mtima pomwepo asanayankhe. Pemphero lalifupi lija linali ndi mphamvu cifukwa ca mapemphero a miyezi inai ija. Wotapa m'nkhokwe nthawi ya njala ndiye amene anaidzaza m'masika. Ife tikangokumbukira Mulungu tsiku limene mwana wadwala kapena mlandu watigwera, tidzapeza kuti mtima sudziwa njira ya kwa Iye.

Caciwiri tione mau ace. Pamaso pa mfumu sanazungulira. Anapempha ulendo, nachula nthawi yobwerera, napemphanso akalata a kwa akazembe a tsidya lija la mtsinje, ndi kalata wa kwa Asafu wosunga nkhalango ya mfumu, kuti ampatse mitengo. Pakupemphera paja anali atalingalira zonse zofunika. Atafika ku Yerusalemu anakhala masiku atatu, nauka usiku ndi anthu owerengeka kukayendera linga logumukalo, osauza munthu cimene cinali m'mtima mwace. Ataona ndi maso ace, pamenepo anaitana akuru nawafotokozera, ndipo iwo anabvomera. Ife kawiri kawiri tilankhula tisanaone, ndipo mau athu abalalitsa anthu amene akadatithandiza.

Panaukanso mlandu pakati pa Ayuda okha okha. Kunali njala, ndipo osauka anapereka minda ndi nyumba zao cikole, ena napereka ana ao akhale akapolo a abale ao. Nehemiya anapsa mtima, koma anayamba wadziletsa nalingalira. Atatero anasonkhanitsa msonkhano waukuru, nadzudzula eni cuma pamaso pao, kufikira analonjeza kubweza minda ndi nyumba. Anamvera cifukwa anadziwa makhalidwe ace: zaka 12 zimene anali kazembe sanalandira cakudya coyenera kazembe, kuti angalemetse anthu. Mbale akatilakwira, kodi tipita kwa iye, kapena tinena za iye pacitsime ndi pamphala? Miseche igumula linga msanga koposa nkhondo.

Cacitatu tione kuti sanalola kumcotsa pa nchito. Adani ace Sanibalati, Tobiya ndi Gesemu anayamba ndi kuseka. Tobiya anati ngakhale nkhandwe ikakwerapo linga lidzagwa. Kuseka kutalephera anapangana za nkhondo. Nehemiya anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku, ndipo omanga anagwira nchito ali ndi zida zao. Sanayesa kuti pemphero limasula munthu ku ulonda. Pambuyo pace anadza ndi cinyengo, namuitana akakomane nao ku cigwa ca Ono. Anatumiza mithenga kanai, ndipo kanai konse anawayankha cimodzimodzi, kuti nchito iri m'manja mwace siyenera kuima cifukwa ca iwo. Kacisanu anatumiza kalata wosatseka womnamizira kuti afuna kupandukira mfumu. Anagulanso Semaya ndi ndalama kuti amuopse akabisale m'Kacisi. Zonsezi anazikana, ndipo linga linatha tsiku la 25 la mwezi wa Eluli, atamanga masiku 52.

Sanamanga yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ansembe, osula golidi ndi amalonda analandira yense cigawo cace, ndipo ambiri anamanga pandunji pa nyumba zao. Ana akazi a Salumu anagwira pamodzi ndi atate wao. Koma kwalembedwanso kuti omveka a ku Tekoa anakana kusenza nao nchitoyo, ndipo manyazi ao awerengedwa kufikira lero.

Tsono, abale, linga lathu ndi liti? Kwa wina ndilo banja lace limene lirikupasuka. Kwa wina ndilo kulera ana m'kuopa Mulungu. Kwa wina ndilo kuphunzira kuwerenga kuti adziwerengere yekha Mau a Mulungu. Kwa wina ndilo kuyanjana ndi mbale amene sanadya naye mbale imodzi zaka zambiri. Ndipo yense ali naco cigwa cace ca Ono: mowa wa kutsidya, mirandu ya eni ace, ula wa woombeza, kapena kukhumba cuma ca mnzace. Zina zotiitana siziri zoipa mwa izo zokha, koma zitidyera masiku. Makolo athu anati, Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Ambuye wathu Yesu anauka mbanda kuca kukapemphera pa yekha, ndipo itafika nthawi yace analunjika ku Yerusalemu yemweyo, osapatuka ngakhale Petro anafuna kumletsa, kufikira anatsiriza pa mtanda nchito ya cipulumutso cathu. Mphamvu yathu icokera kwa Iye. Mwezi uno yense wa ife achule pamaso pa Mulungu nchito imodzi imene anaisiya panjira, aipempherere tsiku ndi tsiku, auze mkuru wa mpingo kapena mbale wokhulupirika kuti amkumbutse, ndipo ayambe pandunji pa nyumba yace. Mulungu wa Kumwamba alimbitse manja athu.