Mthenga Saphedwa, Koma Mawu Amasankha Yekha

Nkhani za ndale za dziko lathu la Moçambique zimabadwa m'Cipwitikizi. Zimalembedwa ku Maputo kapena ku Tete, zimayenda pa telefoni, ndipo zikafika ku wailesi za m'madera ngati imene ndimagwirako nchito, pamafunika munthu woti azitembenuze kuti mayi amene akupalira mbatatesi ku dimba amve. Munthu ameneyo ndine, pamodzi ndi anzanga a nchito yomweyi. Ambiri amaganiza kuti kutembenuza nkhani kuli ngati kukhuthula madzi a mu ndowa kuthira mu mtsuko. Nafenso timakonda kuganiza concho, cifukwa zimatipepukitsa mtima. Wina akadandaula timayankha kuti mthenga saphedwa, tangonena zimene tatumidwa. Ine yankho limenelo sindikhutira nalo, ndipo ndikufuna kufotokoza cifukwa cake.

Tiyambe ndi dzina. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, anthu amene ankamenyana ndi boma anali ndi maina atatu. Rádio Moçambique ndi nyuzipepala ya Notícias ankawachula kuti bandidos armados, ndiye kuti zigawenga za mfuti. Eni ake ankadzicha Renamo, gulu lomenyera ufulu. Makolo athu kumudzi ankangoti Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa, amene anafa mu 1979. Nayonso wailesi imene inkawayankhulira kucokera ku Rhodesia inkadzicha Voz da África Livre, mawu a Africa yomasuka, pamene a Frelimo ankaicha Rádio Quizumba, wailesi ya fisi. Onani mmene dzina lililonse limamalizira mlandu usanayambe kuzengedwa. Ukati cigawenga, wanena kale kuti palibe cokambirana naco, cofunika ndi cipolopolo basi. Ukati womenyera ufulu, wakhululukira kale midzi imene inawochedwa. Pa 4 Okutobala 1992 ku Roma, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere, ndipo dzina la zigawenga lija linazimiririka pa wailesi ngati mame. Anthu anali omwewo, zimene anacita zinali zomwezo. Cinasintha ndi cosowa ca amene ankasankha mawu.

Ndimakumbutsa zimenezi cifukwa tikamakamba za kunyengedwa ndi ofalitsa nkhani timathamangira kufunafuna bodza. Bodza lilipo ndithu, koma siliyenda mtunda wautali, limagwidwa. Kukopa kwenikweni kumacitika ndi mawu oona. Wina akati acinyamata aphwanya sitolo, wanena zoona. Wina akati apolisi awombera mnyamata, nayenso wanena zoona. Zonse zacitika mu msewu umodzi, tsiku limodzi. Koma amene wayamba ndi sitolo namaliza ndi mnyamata wakuuzani kuti apolisi anali kubwezeretsa bata, pamene amene wayamba ndi mnyamata namaliza ndi sitolo wakuuzani kuti anthu anali kulira maliro mwaukali. Palibe wanama. Aliyense wangokugwirani dzanja nakulowetsani pa khomo limene iye akufuna.

Tsono mukawonjezera kutembenuza, mtolo umalemera kawiri. Cipwitikizi ca m'maofesi cili ndi mawu osalala amene sakanda munthu. Komunikadu ikanena kuti panali incidente, ine ndinene ciani m'Cinyanja? Ngozi? Ndewu? Kuphana? Ikanena kuti apolisi anacita repor a ordem, ndingathe kunena kuti anakhazikitsa bata, kapena kuti anabalalitsa anthu ndi utsi wokhetsa misozi. Cilankhulo cathu sicikonda kubisa wocita. Womvera amafuna kudziwa kuti ndani wacita ciani kwa yani, ndipo ndikamubisira amamva kuti pali cimene ndapsatira. Conco mawu aliwonse amene ndatulutsa ndi cisankho canga. Wolemba komunikadu sadziwa n'komwe kuti ndasankha liti.

Ndipo pali cinanso cimene mtolankhani wa ku Maputo alibe. Iye sakumana ndi omuwerenga. Ife timakumana nawo ku cigayo, ku chalichi, ku maliro. Amadziwa ana athu, amadziwa kumene tinakwatira. Mawu amene amalengeza kuti ng'ombe ya akutiakuti yasowa, kapena kuti katemera wa ana ayamba Lolemba, ndi omwewo amene amawerenga uthenga wa cipani kapena wa bwanamkubwa. Uthenga wa ng'ombe unali woona, wa katemera unali woona, ndiye womvera amatenga cikhulupiriro cimene wasunga pa zimenezo nacithira pa nkhani ya ndale osazindikira. Andale amadziwa bwino zimenezi, n'cifukwa cake pa nyengo ya kampeni amatikumbukira. Cimene amafuna kwa ife ndi mbiri yathu yabwino pakati pa anthu, imene tinaimanga ndi mauthenga a maliro kwa zaka zambiri. Funso limene limandisowetsa tulo ndi lakuti: kodi ndili ndi ufulu wobwereketsa cinthu cimene anthu anandisungitsa?

Njira ina yokopera anthu ndiyo kukhala cete, ndipo imeneyi tinaiona pafupi. Kumayambiriro kwa 2016, pamene asilikali a boma ndi a Renamo ankalimbana m'boma la Moatize, anthu oposa 10,000 anaoloka malire nakakhala pa mudzi wa Kapise ku Mwanza, m'dziko la Malawi, ndipo pambuyo pake ena anasamutsidwira ku Luwani, msasa womwe uja umene unasunga makolo awo pa nkhondo yoyamba. Othawawo anauza mabungwe ngati Human Rights Watch kuti asilikali a boma ndi amene ankawawochera nyumba ndi nkhokwe. Akuluakulu ena a boma kuno anakana kuwachula kuti othawa nkhondo. Mkangano unali pa liwu limodzi, refugiado, cifukwa kuvomera liwulo kunali kuvomera kuti kuli nkhondo. Koma anthu a m'malire ali ndi makutu awiri. Akatembenuza kabatani pang'ono amamva wailesi za ku Malawi m'cilankhulo cawo comwe, ndipo ena anali ndi abale ku Kapise komweko. Munthu amene mlamu wake akugona mu tenti, nayatsa wailesi ya kwao n'kumva za mpikisano wa mpira ndi kutsegulira kwa mjigo, safunika kuuzidwa kuti pali cobisika. Kuyambira tsiku limenelo amakayikira ngakhale za mjigozo.

Cikhulupiriro cikathawa pamalo amodzi sicisowa kopita, ndipo m'caka ca 2024 tinaona kumene cinapita. Tinavota pa 9 Okutobala. Patapita masiku khumi, Elvino Dias, loya wa Venâncio Mondlane, ndi Paulo Guambe wa cipani ca Podemos anaphedwa ndi mfuti m'galimoto ku Maputo. Pa 24 Okutobala bungwe la CNE linalengeza kuti Daniel Chapo wapeza 70,67 pa 100 alionse. Pa 23 Disembala, Conselho Constitucional linati ayi, wapeza 65,17, ndipo Mondlane 24,19. Linavomera kuti panali zolakwika koma linati sizinasinthe wopambana. Mondlane, ali kunja kwa dziko, ankayankhula pa Facebook nanena kuti wopambana ndiye. Intaneti ya pa telefoni inadulidwa kangapo. Bungwe la Plataforma Decide linawerenga anthu oposa 300 amene anafa m'miyezi imeneyo.

Acinyamata ambiri amene ndimaceza nawo anafika ponena kuti za pa televizhoni ya boma zonse ndi mabodza, zoona zili mu telefoni. Ndimawamvetsa, sanafike pamenepo mwamasewera. Mabungwe awiri a dziko limodzi akapereka manambala awiri osiyana pa mavoti omwewo, osalongosola bwino kuti mavoti osiyanawo acoka kuti napita kuti, munthu wanzeru ayenera kukayika. Koma apa ndi pamene ndimasiyana nawo acinyamatawa. Kuti uyu wakubisira sizitanthauza kuti mdani wake wakuuza zonse. Pa WhatsApp panayenda zithunzi zoona zimene wailesi zazikulu zinaopa kuonetsa, ndipo panayendanso zithunzi zakale kapena za maiko ena zitavekedwa dzina la mzinda wathu, ndi mawu a anthu osadziwika dzina oyamba ndi akuti abale, ndamva kwa munthu wa mkati. Zonsezi zinkalandiridwa ndi manja awiri mofanana, pa cifukwa cimodzi cokha: zinkacokera ku mbali yathu. Agogo awo ankati zanenedwa pa wailesi, ndiye ndi zoona. Adzukulu akuti zabwera pa gulupu, ndiye ndi zoona. Ine sindiona kusiyana kwakukulu.

Ena amati mankhwala ake ndi kupereka mpata wofanana: mphindi zitatu kwa uyu, mphindi zitatu kwa uyo, womvera aweruze yekha. M'maphunziro afupiafupi amene amatipatsa, zimenezi amaziphunzitsa kwambiri, ndipo ndi zabwino kuposa kuyimbira mbali imodzi. Komabe nthawi zina ndi pobisalira. Ngati wina akuti mlatho wamangidwa, wina akuti sunamangidwe, ndipo mlathowo uli pa mtunda woti ndingafikepo ndi njinga, kuwayankhulitsa onse awiri n'kutseka pulogalamu ndi ulesi, kapena mantha ovala jekete. Nchito yanga ndi kupalasa njinga. Pa masankho napo cilipo cooneka ndi maso: edital, pepala la zotsatira limene lamulo limati lipacikidwe pa malo ovotera kuwerenga kukatha. Mtolankhani wa m'mudzi sangadziwe za dziko lonse, koma za sukulu zitatu kapena zinayi za m'dera lake angaziwerenge yekha n'kuzinena monga zalembedwera.

Mfumu yabwino pa bwalo sifunsa kuti mboni ndi ya banja liti. Imafunsa kuti: munaona ndi maso, kapena munamva? Munaimirira pati? Anakuuzani ndani? Ndikuganiza kuti ngongole yanga kwa womvera ili pamenepo. Sindingamulonjeze kuti zonse zotuluka pakamwa panga ndi zoona, cifukwa zambiri sindinazione. Cimene ndingathe ndi kusiyanitsa mawu anga ndi a eni ake. Cinyanja cathu cili ndi kaliwu kabwino ka nchito imeneyi, akuti. Akuti anthu asanu amangidwa, atero a polisi. Akuti amangidwa khumi, atero a cipani. Ife tafika ku komando, tapeza abale a anthu asanu ndi awiri akudikira panja. Wina anganene kuti kuyankhula kotere kumacotsa ulemerero wa wailesi, popeza anthu amafuna mawu otsimikiza ngati a m'Baibulo. N'zoona, ndipo andale amapambana pomwepo, poti iwo sanena akuti. Koma womvera amene wazolowera kumva kuti nkhani yacokera kuti amayamba kufunsa funso lomwelo kwa telefoni yake.

Sindikulemba izi ngati munthu wopanda mantha. Lamulo la atolankhani la 18/91 linatipatsa ufulu, koma pepala silitchinga cipolopolo. Carlos Cardoso, amene anayambitsa mediaFAX ndi anzake mu 1992, anaphedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 akufufuza za kubedwa kwa ndalama ku banki ya BCM. Ameneyo anali wochuka, dziko lonse linalira. A wailesi za m'madera ndife aang'ono. Amade Abubacar wa ku Macomia anagwidwa mu Januwale 2019 akujambula anthu othawa nkhondo ya ku Cabo Delgado, nakhala m'ndende miyezi yoposa itatu. Ibraimo Mbaruco wa wailesi ya ku Palma anasowa pa 7 Epulo 2020, atatumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali, ndipo mpaka lero sanaoneke. Koma kunena zoona, cimene cimatitseka pakamwa kawirikawiri si mfuti. Ndi Credelec imene yatha, ndi galimoto ya bwana imene yatinyamula kupita ku msonkhano cifukwa wailesi ilibe ngakhale njinga yamoto, ndi ka envelopu ka ndalama ya cakudya pobwerera. Palibe amene amakuuza kuti usanene cakuti. Umangopeza kuti lilime lako lasankha lokha liwu losalala, poganizira ulendo wa sabata yamawa. Anzathu ambiri amagwira nchitoyi mongodzipereka, opanda malipiro, ndipo sindingawaloze cala.

Liwu limene linativuta kwambiri m'miyezi ija ndi manifestação. Tikati cionetsero, a mbali ina ankati tikuyeretsa anthu amene aocha maofesi ndi kutseka misewu. Tikati zipolowe, enawo ankati tatengera mawu a boma, taiwala amene anangotuluka ndi mapoto ndi zikwangwani. Anthu wamba sanadikire kuti tigwirizane. Anatola liwu lina la Cipwitikizi, greve, limene kwenikweni limatanthauza kunyanyala nchito, naliika pa zonse: kuguba, kumenya mapoto usiku, kuocha matayala, ngakhale kusowa kwa mafuta ndi kukwera kwa mtengo wa sopo. Mayi wogulitsa tomato akati malonda anafa nthawi ya greve, sananene kuti wolakwa ndani. Mu studiyo yathu tinakangana masiku angapo, ndipo tinathera pa kusiya dzina n'kumanena zocitika: anthu pafupifupi akuti anasonkhana pamalo pakuti, msewu unatsekedwa kuyambira m'mawa mpaka masana, sitolo ziwiri zinaphwanyidwa, kucipatala kwalandiridwa ovulala akuti. Nkhani inkatalika, nyimbo zinkacepa, ndipo mafoni odandaula ankabwerabe kucokera mbali zonse ziwiri, ena akuti tikuopa boma, ena akuti tagulidwa ndi otsutsa.